GnuCOBOL 3.2 pa ntchito yowerengera ndalama

Ndagwiritsa ntchito GnuCOBOL 3.2, yomwe inatuluka mu 2023, polemba pulogalamu yowerengera malipiro, ndipo chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi momwe imasungira ndalama popanda kusokoneza ngakhale tambala imodzi. Ndi yaulere, poyamba inkatchedwa OpenCOBOL isanalowe m'gulu la GNU mu 2013, ndipo imayamba yasandutsa zolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha COBOL kukhala za m'chilankhulo cha C isanapange pulogalamu yoti kompyuta iyendetse.

Pofuna malo osungira ndalama, munthu amalemba 01 MALIPIRO PIC S9(7)V99 COMP-3. Chilembo S chimalola kuti ndalamayo itsike pansi pa ziro, 9(7) ndi malo asanu ndi awiri a makwacha, V akuimira kadontho ngakhale kuti kadonthoko sikasungidwa, ndipo ma 9 awiri omalizawo ndi a matambala. COMP-3 imapanikiza manambala awiri mu byte imodzi, yomwe ndi muyeso wa malo osungira zinthu mu kompyuta, choncho zonsezi zimakwana m'ma byte asanu okha. Amene anaonapo chilankhulo china cha kompyuta, monga Python kapena JavaScript, chikuphatikiza 0.1 ndi 0.2 n'kupereka 0.30000000000000004 sangavutike kumvetsa phindu lake, pakuti kuno nambala imasungidwa monga momwe wowerengera ndalama amailembera m'buku. Mndandanda wa miyezi nawonso ndi wosavuta: pansi pa gulu la 01 mumalemba 05 MWEZI PIC S9(9)V99 COMP-3 OCCURS 12 TIMES, kutanthauza kuti malowo abwerezedwe ka 12, ndipo popeza kuwerenga kumayambira pa 1, MWEZI(1) ndi Januwale.

Pamene pafunika kusamala ndi pa kukula kwa malowo. S9(7)V99 imathera pa 9,999,999.99, yomwe m'makwacha a masiku ano si ndalama yodabwitsa, ndipo MOVE, yomwe imakopera nambala m'malowo, ikapatsidwa yoposa pamenepo imadula manambala akumanzere mwakachetechete, moti K12,000,000 imasanduka K2,000,000 popanda chenjezo lililonse pulogalamu ikamayenda. Pa ADD ndi COMPUTE, malamulo ochitira masamu, mpofunika kulemba ON SIZE ERROR kuti mudziwe yankho likaposa malo, komanso ROUNDED pogawa kuti yankho lifike pa tambala yoyandikira, apo ayi zotsala kupitirira matambala zimangotayidwa. Chinanso chimene sichinandisangalatse n'chakuti kuitana MWEZI(13) sikuletsedwa pamene nambalayo ikuchokera mu variable (malo osungira nambala yomwe imatha kusintha), pokhapokha mutauza cobc, pulogalamu ya GnuCOBOL yosandutsira COBOL, kuti iziyang'anira malire, mwachitsanzo polemba -debug.

Kwa wolemba mapulogalamu a malipiro, ngongole kapena msonkho, GnuCOBOL ndikuivomereza, malinga apereke malo okwanira kuyambira pachiyambi. Ine tsopano ndimayambira pa S9(13)V99.