Kutenga ndalama yambiri pakamodzi kapena kusunga penshoni yaikulu ya mwezi: zoyerekeza za msilikali wopuma pantchito

Msilikali wa kuno ku Zambia akafika popuma pantchito, ndalama zake zimachokera ku Public Service Pensions Fund, thumba loyendetsedwa ndi lamulo la mu 1996, osati ku NAPSA, bungwe la penshoni la dziko lonse, kumene ogwira ntchito za boma ambiri olembedwa kuyambira mu 2000 amasonkha. Lamulolo limalola munthu kusandutsa gawo limodzi kapena magawo awiri mwa magawo atatu a penshoni yake kukhala ndalama yolandira pakamodzi, ndipo chotsalacho chimabwera mwezi ndi mwezi kwa moyo wake wonse. Mukatenga zambiri lero, ndiye kuti za pamwezi zachepa.

Ambiri amathamangira magawo awiri, ndipo kwa munthu wopanda nyumba sindiona cholakwika. Nyumba ya ku kampu, kaya ndi ku Arakan kapena kwina, si yanu, ndipo tsiku lobweza makiyi likafika mumapezeka mukufunsa mtengo wa lendi ku Chilenje kapena ku Kabwata, kumene mwininyumba amakweza lendi osaganizira kuti penshoni yanu ndi yomweyo ya chaka chatha. Ndalama ya pakamodzi ikapita pa poloti yokhala ndi mapepala enieni a Unduna wa za Malo, pa njerwa ndi pa malata, yachotsa bilu yaikulu kuposa zonse kwa zaka zonse zotsala. Koma pamafunika kutsegula maso, chifukwa mu Lusaka muno poloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata yake yodindidwa.

Vuto la njira imeneyi limayamba ndalama ikapita kwina osati pa nyumba, makamaka pa minibasi. Munthu amene wazolowera kuti lamulo likaperekedwa limatsatidwa amadabwa kuona dalaivala akubwera madzulo ndi ndalama yoperewera, akunena kuti apolisi anamugwira, tayala linaphulika ndipo mafuta akwera, pomwe mwini basi alibe njira yodziwira maulendo amene galimoto yayenda kuchokera ku siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower. Injini ikadzafa, ndalama yokonzera palibe. Onjezanipo achibale amene amamva msanga kuti malume alandira, aliyense ndi vuto lake loona ndithu la fizi kapena la maliro, ndipo mudzaona chifukwa chake ndalama ya zaka zambiri za usilikali imatha nyengo ya mvula isanabwerenso kawiri.

Kutenga gawo limodzi lokha kumasiya penshoni ya mwezi yonenepa. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene angakubwerekeni yonse tsiku limodzi, ndipo mankhwala a shuga kapena a BP amagulidwa pa nthawi yake. Kuipa kwake ndi kukwera kwa mitengo. Amene anapuma kwacha isanagwe kwambiri mu 2015 akudziwa mmene penshoni yomwe inkakwanira ufa, malaiti ndi lendi inasandukira ya ufa wokha, pakuti penshoni siikwera mothamanga ngati mitengo ya ku Soweto Market.

Kwa amene akufuna kukalima, mwachitsanzo pa malo amene dipatimenti yokhazikitsa anthu m'malo atsopano ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti imagawa, ine ndimaona kuti penshoni yaikulu ya mwezi ndiyo yoyenera, ngakhale ambiri amaganiza mosiyana poti munda umafuna mpamba. Munda watsopano umadya musanaudye, ndipo chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February 2024 chinasiya opanda kanthu alimi amene anaika zonse mu chimanga. Mpamba ukhoza kufunidwa kwina, monga ku CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera a aphungu, imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ngakhale kumeneko msilikali wopuma amaima pamzere umodzi ndi nzika ina iliyonse, ndipo ambiri amalowera kudzera m'kopaletivu.

Njira zonse ziwirizi zili ndi mdani mmodzi, yemwe ndi kuchedwa kwa malipiro. Ndime 189 ya malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, imanena kuti munthu amene sanalipidwe penshoni yake pa tsiku lake lomaliza la ntchito dzina lake likhalebe pa ndandanda wa malipiro mpaka atalandira. Gwiritsitsani ndime imeneyi m'malo mopita kwa a kaloba ndi kalata yopumira pantchito, chifukwa chiwongoladzanja chawo cha mwezi ndi mwezi chikhoza kumeza ndalama ya malata poloti musanaione n'komwe.