Baofeng UV-5R pa ntchito yolondera namondwe: imagwira, koma osati mmene yachokera m'bokosi

Ku America, nthambi yoona zanyengo ya National Weather Service imaphunzitsa anthu ongodzipereka pansi pa ndondomeko ya SKYWARN kuti azinena zomwe akuona ndi maso, chifukwa radar siona bwino zochitika pansi penipeni. Ambiri mwa iwo ali ndi chiphaso cha wailesi cha Technician, cha mayeso a mafunso 35, ndipo wailesi imene amayambira kawirikawiri ndi iyi, ka ovaova kotchipa kamene kamagulidwa pa madola osafika 30.

Mphamvu yake ndi mawati 4 kapena 5, imasunga matchanelo 128, ndipo imamva 136 mpaka 174 MHz. Choncho imagwira mawailesi azanyengo a NOAA, bungwe la boma la America loona zanyengo ndi nyanja, apakati pa 162.400 ndi 162.550 MHz. Koma ilibe belu lodzilira lokha chenjezo likatuluka. Ukagona, wagona.

Eriyo yobwera nayo ndi yachabechabe. Ichotseni, muikepo Nagoya NA-771 ya masentimita pafupifupi 39, yapakamwa pa SMA-female, ndipo samalani chifukwa zachinyengo zadzaza pamsika. Mukakhala m'galimoto, chitsulo cha bodi chimameza mawu, ndiye pamafunika eriyo ya maginito padenga. M'galimotomo n'motetezekanso, chifukwa kuima pamtetete ndi eriyo m'manja kukung'anima n'kuitana mphenzi.

Pamene ambiri amagwa ndi pa repeater. Malipoti amadutsa pa repeater ya m'dera, siteshoni yopititsa mawu patali, imene imalandira pa frequency ina n'kutumiza pa ina. Pa bandi ya mamita 2 kusiyanako ndi 0.600 MHz. Pa menyu 26 lembani 0.600, pa menyu 25 sankhani + kapena -, pa menyu 13 ikani toni, kaphokoso kotsegulira repeater yanu. Mukaiwala toni mudzamva aliyense bwinobwino koma inu palibe adzakumveni, ndipo mudzazindikira zimenezi matalala ali pakati pogwa. Kusunga tchanelo ndi manja pa menyu 27 kumafuna kusunga kawiri, koyamba frequency yomvera, kachiwiri yotumizira. N'zotopetsa. Gulani kachingwe ka USB, muike zonse pa kompyuta ndi pulogalamu ya CHIRP, yomwe ndi yaulere.

Chofooka chachikulu chili mkati, ndipo palibe chochikonza. Sefa yake yolandirira ndi yofooka, moti pafupi ndi nsanja za mawailesi akuluakulu imagontha: mawu a woyendetsa neti, yemwe amalandira malipoti pa wailesi, amangozimirira. Eriyo yabwino nthawi zina imakulitsa vutoli chifukwa imakoka phokoso lochuluka. Madzi nawonso siiwafuna. Iikeni m'kajumbo kotseka, kapena mulumikize maikolofoni ya pa chingwe, wailesi ikhale mkati mwa jekete.

Batire ya 1800 mAh imakwana tsiku ngati mukungomvera, koma mukamalankhula pafupipafupi pa mphamvu yonse imatha msanga. Magetsi ndiwo amayamba kuzima namondwe akafika, ndiye chaja yapatebulo ija siithandiza. Khalani ndi batire yachiwiri ya 3800 mAh, kapena chingwe cholumikiza ku 12 V ya galimoto.

Lipotilo lizikhala lalifupi: callsign yanu (dzina la zilembo ndi manambala la pa chiphaso chanu), nthawi, malo, chimene mwaona. Matalala a inchi imodzi, masentimita 2.5, kapena mphepo ya mamailosi 58 pa ola, pafupifupi makilomita 93, ndiye malire a mkuntho woopsa. Yezani talala lalikulu ndi rula mvula ikadukiza. Mtambo wolendewera ngati fanulo musautchule kuti tornado (kamvuluvulu woononga) pokhapokha ukuzungulira ndipo pansi pakuuluka fumbi ndi zinyalala.

Kwa woyamba amene ali pafupi ndi repeater, UV-5R ndi yokwanira. Wokhala pakati pa tauni kapena kuseri kwa phiri asunge ndalama agule Yaesu FT-60R kapena wailesi ya m'galimoto ya mawati 50. Kuno kwathu, musanadine batani lolankhulira muyambe mwapeza chilolezo ku MACRA.