Sipika yotchaja ya mapemphero a pasukulu: yesani maiki, osati bezi

Ndimatsogolera zauzimu pa sukulu ina ya sekondale yogonera konko ya mpingo wa CCAP, kwinaku ndikuphunzira zaubusa. Ana amanditchula kuti abusa, koma kolala sindinavalebe, ndipo pa Mgonero wa Ambuye timaitana abusa a pampingo. Changa ndi mapemphero a m'mawa pa asembule, misonkhano ya SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu), ndi kupemphera ndi a Fomu 4 mayeso a MSCE akayandikira. Zonsezi zimafuna mawu, ndipo anga amatha Lachitatu lisanafike.

Ndiye ndinagula sipika yotchaja ija yokhala ndi matayala ndi chogwirira, pa sitolo ina ku Limbe. Imabwera ndi maiki yopanda waya, ndipo imalandira Bluetooth, flash ndi memori khadi.

Ogulitsa amaiyesa ndi nyimbo, bezi nkumagunda mpaka galasi la pa kauntala kunjenjemera. Musatengeke nazo. Auzeni azimitse nyimboyo, mnzanu awerenge ndime pa maiki, inu mutuluke pakhonde mumve ngati mawu akumveka limodzilimodzi. Yanga inabwera atakweza eko mpaka kumapeto, moti "Ambuye" amamveka katatu ndipo anyamata a kumbuyo anayamba kuyankha mawu obwererawo. Kabatani ka eko ndinakatsitsiratu, bezinso pang'ono, basi zinalongosoka. Panja, pansi pa mitengo, wa mzere womaliza amamva bwinobwino. Mu holo ya malata ndi nkhani ina: ukaima kutsogolo kwake imalira mluzu wobaya m'makutu, choncho iikeni patsogolo panu, iyang'ane kwa ana.

Batire ndi lomwe ndimaliyamikira. Magetsi akazima madzulo, msonkhano wa SCOM umapitirira. Koma makwaya akaitenga kukaphunzirira nyimbo ndi voliyumu yonse, m'mawa mumaipeza ili ziii. Pano kiyi wa kabati yake ali m'thumba mwanga. Maiki nayo imadya mabatire a AA. Gulani otchaja, apo ayi ndalama za chopereka cha ana zithera momwemo.

Chimene sindinkachiyembekezera ndi batani lojambula. Ulaliki umalowa mu flash, usiku nkumadzimvera ndekha. Ndi mmene ndinadziwira kuti ndimati "abale ndi alongo" pafupifupi pa chiganizo chilichonse, komanso kuti ndimathamanga ndikafika pa mfundo yeniyeni. Amene amatiphunzitsa kulalikira anandiuzapo zomwezi, koma kudzimva wekha kumapweteka mwamtundu wina.

Matayala ake ndi a pulasitiki, apangidwira simenti. Pa msewu wathu wa miyala limodzi linathyoka teremu yoyamba, ndiye pano amainyamula ndi mapulifekiti awiri.

Kwa mnzanga wa ntchito ngati yangayi, gulani ndithu. Ine Lamulungu ndikatumidwa kukalalikira ku nyumba yopemphereramo ya kumudzi ndimaisiya dala, chifukwa kumene adzanditume ndikadzozedwa mwina kulibe ndi potchajira pomwe.