Bwalo la Bingu: mpando ndi wabwino, koma mpira uli patali

Anzathu a kuno ku Zomba amene mukufuna kukaonera Flames kapena fainolo ya chikho ku Bingu National Stadium, ku Area 48 mu Lilongwe, pitani ndithu. Ife tikulipatsa 4 pa 5, ndipo imodziyo tachotsera kamangidwe.

Bwaloli linamangidwa ndi ngongole ya ku China, linatsegulidwa mu Januwale 2017, ndipo mumalowa anthu pafupifupi 41,000, aliyense pampando wake. Amene munazolowera simenti ya ku Kamuzu Stadium, msana wanu udzathokoza.

Chimene chimaononga ndi msewu wa othamanga wa mamita 400 umene unazungulira kapinga. M'mbali zazitali sizivuta kwenikweni. Koma kuseri kwa magolo, kumene msewuwo umakhota, mpata ndi waukulu kwambiri moti goloboyi wa tsidya linalo amangooneka ngati kachidole. Mukakhalanso m'mizere yapansi, mpira ukapita mbali inayo simungadziwe ngati wosewera anali ofusayidi, mumangotukwana oimbira chifukwa anzanu akutukwana. Kwerani pamwamba pang'ono, moyang'anana ndi mzere wapakati, mbali imene dzuwa lamadzulo likhale kumsana kwanu.

Denga lili m'mbali ziwiri zazitalizo basi. Kuseri kwa magolo n'kwapamtetete: mu Okutobala mupsa, mu Januwale munyowa. Denga lomwelo ndi limene limabweza phokoso, n'chifukwa chake ng'oma ndi mavuvuzela zimamveka mwamphamvu pansi pake. Bwalo likadzaza, nyimbo ya fuko imagwedeza chifuwa. Anthu akachepa kumakhala zii, mipando yopanda anthu imameza nyimbo zonse.

Za ulendo: kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza ndi pafupifupi makilomita 300. Werengerani maola asanu, pa minibasi kuposa apo chifukwa choimaima. Nyamukani 6 koloko m'mawa isanakwane kuti mukalowe kukadali maola awiri kuti mpira uyambe. Chipwirikiti chimachitika pageti, anthu ambiri akafika nthawi imodzi. Pa 6 Julaye 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pabwalo lomweli popondana polowa. Ngati muli ndi mwana, khamu likayamba kukankhana bwererani m'mbuyo, musalimbane nalo.

Tikiti gulani kumalo amene okonza masewero alengeza, osati kwa wokunong'onezani panja. Galimoto iimikeni yoyang'ana kotulukira.