pr_cont kapena kulemba mzere wonse mu buffer: ine pr_cont ndinathana nayo

Mwezi uno anzanga awiri andifunsa funso lomweli: mu driver ya Linux, mukafuna manambala angapo pa mzere umodzi wa log, mugwiritse pr_cont (yomwe imapitiriza mzere womwe mwayamba kale kusindikiza) kapena muyambe mwasonkhanitsa zonse mu buffer (malo osungira mawu kwakanthawi mu memory)? Ndiyankhe kamodzi, ndipume.

Uthenga uliwonse wa log ya kernel uli ndi level kuyambira 0 mpaka 7: nambala ikachepa, ndiye kuti uthengawo ndi wofunika kwambiri.

Ubwino wa pr_cont ndi umodzi: ndiyosavuta. Mumalemba pr_err (yosindikiza uthenga wa vuto) yopanda \n yotseka mzere, kenako loop ya pr_cont, mwamaliza. Kale ngakhale printk wamba, function yosindikizira mauthenga a kernel, inkapitiriza mzere, mpaka Linus Torvalds atasintha zimenezi mu Linux 4.9 chaka cha 2016. Kuyambira pamenepo, popanda KERN_CONT, chizindikiro chomwe pr_cont imaika pa uthenga, chidutswa chilichonse chimagwera pa mzere wakewake.

Koma inandipweteka. Ndinali ndi board ya ARM ya ma core anayi, driver ya sensor ya pa I2C. Sensor ikakana, driver inkalemba pr_err("ma register:") kenako manambala kudzera pa pr_cont. Pa desiki panga zinkatuluka bwinobwino. Board itapita kumene inkagwira ntchito, inakakamira, ndipo zimene anandikopera kuchokera pa serial console zinali mawu awiri okha: "ma register:". Manambala, ziii. Masiku awiri ndinkakayikira chingwe, ndinachisintha kawiri chingwe chosalakwa.

Chinachitika n'chakuti core ina inalowetsa uthenga wake pakati. pr_cont imalumikiza chidutswa pokhapokha uthenga womaliza mu log uli wa woitana yemweyo, yemwe anayamba mzerewo. Apo ayi chimayamba mzere watsopano, ndipo poti KERN_CONT ilibe level yakeyake, chimatenga ya default, kawirikawiri 4. Board ija inkayaka ndi option ya boot yotchedwa quiet, yomwe imaika console pa 4, kutanthauza kuti pamaoneka za 0 mpaka 3 zokha. Mutu wa pr_err, level 3, unadutsa. Manambala anatsalira mu dmesg, log ya mu memory, ndipo munthu atazimitsa n'kuyatsanso board, anapita nawo mphepo. Pomwe ndemanga ya mu kern_levels.h imanena poyera kuti KERN_CONT ndi ya code ya core ndi arch pa nthawi ya boot yoyambirira, ndipo checkpatch.pl, script yofufuza ma patch a kernel, inandichenjezanso. Ndinkangodumpha.

Njira ya buffer ili ndi zake. Mumalemba mizere yambiri ya code, komanso muyenera kusamala kukula kwa buffer, chifukwa stack ya kernel ndi yaing'ono: 16KB pa x86_64, pa ARM ya 32-bit nthawi zambiri 8KB. Gwiritsani scnprintf osati snprintf, chifukwa snprintf imabweza kutalika komwe ikadalemba malo akadakwana, ndiye mu loop mutha kudutsa malire osadziwa. seq_buf, chida cha kernel chodzazira buffer, imakuwerengerani yokha malo otsala. Chomwe mumapeza ndi mzere umodzi, level imodzi, komanso mutha kuutumiza ndi dev_err kuti dzina la device lioneke. dev_cont kulibe.

Ngati ndi ma byte chabe, musavutike n'komwe: %*ph, format ya printk, imasindikiza mpaka 64, akapitirira pali print_hex_dump. Vuto langa lonse lija likadatha ndi mzere umodzi wa %*ph, ndiye zimandiwawabe ndikakumbukira.

Mu driver, buffer kapena %*ph. pr_cont ndimailola pa boot core imodzi yokha ikugwira ntchito. Ndikaiona mu patch ya driver yomwe mwandipempha kuti ndikuonereni, ndikubwezerani.