Jenereta ya 2.5kVA pa difiriza yanga, patha miyezi 7 tsopano

Anthu ambiri kuno ku Chinamwali akumandifunsa kuti mayi jenereta ija ikuyenda bwanji tigule yomweyo kapena ayi, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ine ndimagulitsa nkhuku zososola kale, nsomba zomwe ndimakapikula ku Kachulu makamaka milamba ndi makumba, komanso mafilizesi a ana asukulu, ndiye difiriza ikangofunda basi mpamba wonse wapita. Ndinayamba kuganiza za jenereta 2022 muja Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana, koma ndalama zake zinatenga nthawi kuti zikwane.

Iyiyi ndi yachiwiri. Yoyamba ndinagula kakang'ono kaja kolembedwa 950, kosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo maganizo anga anali oti kuseri kwa difiriza analemba 180W (mawatsi 180) ndiye 950 ndi yambiri zedi itsalako ya mababu. Tsiku loyamba magetsi atazima tinakaliza bwinobwino, kungolumikiza difiriza kajenereta kanabuula ngati katsamwa, mababu kuchita mdima, kompuresa (kainjini koziziritsa difiriza) kungoti ke! kenako zii. Pakapita kanthawi iyesenso, chimodzimodzi. Nthawi zina inkadzuka ndithu koma mwamwayi chabe. Sabata ina ndinapita kumaliro ku Thondwe, ana anandiuza kuti jenereta ikulira ndiye mtima unali m'malo, pobwera ndinapeza nkhuku 14 zasintha fungo, difiriza siinkazizira masiku onsewo. Zinandiwawa kwambiri chifukwa zina zinali zoti anthu analipira kale.

Amene anandimasulira ndi bambo ena okonza mafiriji ku Mpondabwino. Anati mayi, nambala ya 180 ija ndi ya pamene kompuresa yayamba kale kuyenda, koma podzuka imakoka mphamvu kuwirikiza katatu, kasanu mwina kuposa, kwa kasekondi kamodzi kapena tiwiri basi. Anandipatsa chitsanzo cha wakabaza atanyamula thumba la chimanga pachitunda, kupalasa koyamba kuja ndiye kumafuna mphamvu zonse, njinga ikayenda zimapepuka. Ndiye 180 kuchulukitsa kasanu ndi 900, pomwe kajenereta kaja ngakhale analemba 950 mphamvu yake yokhazikika ndi cha m'ma 650. Apa mpamene ndinamvetsa. Anandiuzanso kuti kuyesayesa kudzuka kuja kumatenthetsa kompuresa ndipo ndikanapitiriza ikanapsa, inali nkhani ina yodula kuposa jenereta.

China chomwe ambiri sitidziwa, kVA si mawatsi. Yangayi analemba 2.5kVA koma mphamvu yeniyeni yogwiritsa ntchito ndi cha m'ma 2000W, ndipo pakabuku kake pali manambala awiri, ina ya max (yaikulu) ina ya rated (yokhazikika). Muziyang'ana ya rated, ya max ija ndi yakanthawi kochepa. M'sitolo amakonda kutchula yaikuluyo.

Tsopano za mmene ikugwirira ntchito. Difiriza imadzuka kamodzi kokha, jenereta imangosintha kamvekedwe pang'ono kenako kubwerera mwakale. Ndimalumikizanso kafiriji ka m'nyumba, mababu 6, TV ndi kutchaja mafoni, osavuta. Koma sindiyatsa zonse nthawi imodzi, ndimailiza kaye mphindi ziwiri zitatu ilibe katundu, kenako difiriza, ikakhazikika kafiriji, zinazo pambuyo. Ketulo ndi ayironi ndinaletsa kunyumba kwanga, ketulo yokha imadya pafupifupi mphamvu yonse ya jenereta. Jeneretayi ili ndi AVR, kachipangizo komwe kamathandiza kuti magetsi asamakwere ndi kutsika, komabe ndinaika firiji gadi pa difiriza chifukwa imachedwetsa kuyaka kwa mphindi zingapo, ndipo bambo aja anati kompuresa ikazima isamadzutsidwe pompopompo. Petulo ndi oyilo zili padera, palibenso zosakaniza m'kachigubu.

Mafuta ndi amene amandidandaulitsa, makamaka masiku amene petulo akusowa. Tanki ndi ya malita 15 ndipo kuiliza tsiku lonse phindu la mafilizesi lithera momwemo. Ndiye ndimailiza maola atatu m'mawa, atatu madzulo, pakatipo difiriza osatsegulatsegula. Difiriza yodzadza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa ya theka, ndiye katundu akachepa ndimaikamo mabotolo a madzi aume, amathandiza kwambiri mwezi wa October kukatentha.

Zoipa zake zilipo. Phokoso ndi lalikulu, aneba anga ali ndi mwana wakhanda ndiye ikakwana 8 koloko usiku ndimazimitsa, tinagwirizana choncho. Ndi yolemera, ndekha sindinganyamule ndipo matayala inalibe, ndinakawotcheretsa kangolo kake. Chingwe chokokera chinaduka mwezi wachinayi, kusintha sikunadule koma tsiku limenelo ndinasowa mtengo wogwira. Waya wa ekisitenshoni wotchipa uja unkatentha mpaka ndinagula wonenepa wa 2.5mm, musanyozere zimenezi. Oyilo ndinasintha itangokwana maola 20 oyamba monga kabuku kakunenera, anatuluka wakuda bii, kuchokera apo ndimalemba maola m'kope langa la ngongole kuti ndisaiwale.

Ndikupempheni chinthu chimodzi abale anga, musailizire m'nyumba kapena pakhonde lotseka poopa akuba. Mu utsi wake muli mpweya wakupha womwe sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Yanga ili panja m'kashedi kopita mphepo, kutali ndi mawindo, yomanga ndi tcheni. Komanso zolowetsa waya wa jenereta mu soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake ndi zoopsa, mutha kuvulaza amene akukonza mawaya pa polo. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito akuikireni changeover, switchi yosinthira nyumba pakati pa magetsi a pa polo ndi a jenereta.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha phokoso ndi chingwe chija. Amene muli ndi difiriza imodzi yokha, jenereta ya 1.5kVA ikhoza kukwana, koma jambulani kaye kachikwangwani ka kuseri kwa difiriza yanu mupite nako kositolo ndipo ngati angalole akuyesereni pa difiriza yeniyeni musanalipire. Ine ndikufuna kuwonjezera difiriza yachiwiri ya nsomba zokha nyengo yotentha isanafike, bambo a ku Mpondabwino aja awerengera kale akuti ikwana bola ndizidzutsa imodzi imodzi.