Nkhani ikambidwe ndi "ine" kapena "iye"?

Tinene kuti mukulemba za mnyamata wonyamula anthu panjinga ku Kapata, mumzinda wa Chipata, amene wataya ndalama za mwini njingayo.

Mukamulola kuti akambe yekha, "ndinapisa dzanja m'thumba, ndinangopeza chibowo," wowerenga mtima umamugunda nthawi yomweyo. Chinyanja chake cha m'tauni chimalowa chokha. Ngakhale bodza lake limakoma, chifukwa ife timaona zimene akubisa. Koma mwadzimanga. Zimene mwini njinga akunena kunyumba kwake ku Mchini simungazilembe, pokhapokha mnyamatayo atazimva ndi makutu ake. Olemba atsopano ambiri amapunthwa apa: mwadzidzidzi "ine" wadziwa za mumtima mwa munthu wina ngati woombeza ula.

"Iye" amakupatsani miyendo. Mutha kumusiya mnyamatayo pamsika n'kupita ku Katete, kumene amayi ake akufulula mowa pokonzekera mwambo wa Achewa wa Kulamba. Vuto lake n'kuzizira, nkhani imayamba kumveka ngati lipoti la kupolisi.

Ine, nkhani ikakhala yaifupi, ya munthu mmodzi ndi cholakwa chimodzi, ndimasankha "ine". Ikakhala ya banja lonse, tsamba loyamba ndimalilemba m'njira zonse ziwiri n'kuliwerenga mokweza.